Arrow Electronics

Arrow Electronics ndi kampani ya ku United States yopikulitsa tizipangizo tamagetsi komanso makina ndi mapulogalamu a makompyuta. Likulu lake lili ku Centennial, pafupi ndi mzinda wa Denver m'chigawo cha Colorado. Ntchito yake yaikulu ndi kugula tizipangizo monga ma chip, ma capacitor, ma resistor ndi zolumikizira mawaya kuchokera kwa opanga, kutisunga, kenako kutigulitsa kwa mafakitale opanga magalimoto, makina a m'zipatala, zipangizo za matelefoni, ndege ndi katundu wina woyendera magetsi. Inayamba mu 1935 ngati sitolo yaing'ono ya mawayilesi mu mzinda wa New York, ndipo lero ili m'gulu la makampani akuluakulu kwambiri padziko lonse pa malonda amenewa. Masheya ake amagulitsidwa pa msika wa New York Stock Exchange ndi chizindikiro cha ARW, ndipo ili pa mndandanda wa Fortune 500. Mu 2022 inagulitsa katundu wa madola 37.1 biliyoni. Mbiri yake imadziwikanso ndi ngozi ya moto ya mu 1980 imene inapha akuluakulu ake 13 tsiku limodzi.

Chiyambi ku Radio Row

Kampaniyi inayambitsidwa ndi Maurice Goldberg, amene ambiri ankamutchula kuti Murray. Mu 1935 iye anatsegula sitolo yotchedwa Arrow Radio mu msewu wa Cortlandt, kumunsi kwa Manhattan. Dera limeneli linkadziwika ndi dzina lakuti Radio Row chifukwa munali masitolo ambirimbiri ogulitsa mawayilesi ndi zitsulo zake. Amisiri okonza mawayilesi komanso anthu okonda kudzipangira okha mawayilesi ankapita kumeneko kukasaka zimene akufuna. M'dera lomweli ndi mmene Charles Avnet anayambira malonda ake mu 1921, ndipo kampani ya Avnet inadzakhala mpikisano wamkulu wa Arrow kwa zaka zambiri.

Poyamba Arrow Radio inkagulitsa mawayilesi ogwiritsidwapo kale ntchito ndi zitsulo zake. M'zaka za m'ma 1940 inayamba kugulitsanso mawayilesi atsopano a makampani monga RCA, General Electric ndi Philco, pamene kumbuyo kwa sitolo kunali malo ogulitsira tizipangizo. Mu 1946 bizinesiyi inalembetsedwa ndi dzina lakuti Arrow Electronics.

Kusintha kofunika kunachitika chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. M'malo modikira ogula kuti abwere pa sitolo, kampaniyi inalemba anthu oyendera mafakitale n'kumawagulitsa tizipangizo mwachindunji. Inapanganso mapangano ndi opanga tizipangizo oti izigulitsa katundu wawo mwachilolezo. Mu 1956 inatsegula nthambi ku Mineola, pa chilumba cha Long Island. Pamene inayamba kugulitsa masheya kwa anthu mu 1961, malonda ake apachaka anali pafupifupi madola 4 miliyoni, ndipo oposa theka anali ochokera kwa mafakitale. M'zaka zomwezo masitolo a ku Radio Row anagwetsedwa kuti pamalopo amangepo World Trade Center, ndipo Arrow inasamukira ku Farmingdale pa Long Island.

Eni atsopano mu 1968

Mu 1968 anthu atatu amene anaphunzira ku Harvard Business School, B. Duke Glenn, Roger Green ndi John Waddell, anagula masheya okwanira kuti azilamulira kampaniyi. Anagwiritsa ntchito ndalama zangongole zokwana pafupifupi madola 1 miliyoni. Atatuwa sanali mainjiniya, anali anthu a zachuma. Iwo anaona kuti malonda opikulitsa tizipangizo anali m'manja mwa makampani ang'onoang'ono ambiri, iliyonse ikugulitsa m'dera lake lokha, ndipo ankakhulupirira kuti m'kupita kwa nthawi patsala makampani ochepa akuluakulu ofika m'dziko lonse. Cholinga chawo chinali chakuti Arrow ikhale imodzi mwa otsalawo.

Pofuna kupeza ndalama zokulitsira malonda, anagulanso kampani ya Schuylkill, imene inkasungunula mtovu wochokera m'mabatire akale. Phindu la mtovu linkathandiza kutsegula nthambi zatsopano ndi kudzaza katundu m'nyumba zosungiramo. Malonda a mawayilesi ndi zipangizo za m'nyumba anasiyidwa pang'onopang'ono.

M'zaka za m'ma 1970 ma semiconductor anayamba kulowa m'zinthu zambiri, kuyambira makakyuleta mpaka makompyuta, ndipo Arrow inakula limodzi ndi msikawo. Inali m'gulu la makampani oyambirira pa malondawa kuika kompyuta yolumikiza nthambi zake zonse, moti wogulitsa ali pa telefoni ndi kasitomala ankatha kuona nthawi yomweyo kuti katundu wafunidwayo ali kuti ndipo alipo wochuluka bwanji. Mu 1979 inagula Cramer Electronics, imodzi mwa makampani akuluakulu pa malondawa imene inali itagwa m'mavuto a zachuma. Chaka chomwecho masheya a Arrow analowa pa New York Stock Exchange. Kampani imene inali yaing'ono kumayambiriro kwa zaka khumizo tsopano inali yachiwiri ku United States, kutsatira Avnet.

Moto wa ku Stouffer's Inn

Pa 4 Disembala 1980 akuluakulu a Arrow anali pa msonkhano wokonza bajeti ya chaka chotsatira pa hotela ya Stouffer's Inn ku Harrison, m'boma la Westchester kumpoto kwa mzinda wa New York. M'mawa wa tsikulo moto unabuka m'nyumba yochitiramo misonkhano ndipo unafalikira mofulumira. M'zipinda zimenezo munalibe mipope yothira madzi yokha moto ukabuka. Anthu 26 anamwalira. Mwa iwo 13 anali a Arrow, kuphatikizapo Duke Glenn, Roger Green ndi pafupifupi onse otsogolera nthambi yopikulitsa tizipangizo. Ambiri mwa ena otsalawo anali ogwira ntchito ku kampani ya Nestlé. Wantchito wina wa pa hotelayo anaimbidwa mlandu woyatsa motowo ndipo poyamba anapezeka wolakwa, koma woweruza anathetsa chigamulocho ponena kuti umboni unali wosakwanira, ndipo makhoti apamwamba anagwirizana naye.

John Waddell anapulumuka chifukwa tsikulo anatsala ku likulu la kampani, limene panthawiyo linali ku Greenwich m'chigawo cha Connecticut. Iye ndi amene anatenga utsogoleri. Mtengo wa masheya a Arrow unatsika kwambiri, ndipo ambiri ankakayikira ngati kampaniyo ipitirire. Nkhawa yaikulu inali yakuti malonda amtunduwu amadalira kudziwana: anthu amene ankadziwana ndi opanga tizipangizo ndi makasitomala akuluakulu ndi omwe anali atamwalira. Komabe mamanijala a m'nthambi anapitiriza ntchito, ndipo opanga tizipangizo sanathetse mapangano awo.

Mu 1981 kampaniyi inalemba Alfred Stein, wochokera ku Motorola, kuti aitsogolere, koma anachoka patangopita miyezi ingapo ndipo Waddell anabwerera pa mpandowo. Mu 1982 Waddell analemba Stephen Kaufman, amene kale anali mlangizi wa zamalonda ku McKinsey & Company, kuti atsogolere nthambi yopikulitsa tizipangizo. Ngozi imeneyi imatchulidwa kawirikawiri m'maphunziro a kayendetsedwe ka makampani ngati chitsanzo cha kufunika kokonzeratu olowa m'malo mwa atsogoleri.

Nthawi ya Stephen Kaufman

Kaufman anakhala mkulu wa kampani yonse mu 1986 ndipo anadzakhalanso wapampando wa bodi mu 1994. Anayamba udindowu pa nthawi yovuta. Chapakati pa zaka za m'ma 1980 msika wa ma semiconductor unagwa, Arrow inali ndi ngongole zambiri ndipo inaluza ndalama zaka zingapo zotsatizana. Kampani ya mtovu ija inagulitsidwa chakumapeto kwa zaka khumizo kuti mphamvu zonse zipite ku tizipangizo.

Njira imene Kaufman anasankha inali yogula opikisana nawo, makamaka pamene msika wagwa ndipo mitengo yawo yatsika. Mu 1988 Arrow inagula Kierulff Electronics kuchokera ku kampani ya Ducommun. Sinaisiye kuti iziyenda payokha. Inatseka nyumba zosungiramo katundu ndi maofesi amene ankagwira ntchito yofanana ndi ake, inasamutsira zonse pa kompyuta imodzi, koma inasunga ogulitsa ndi makasitomala awo. Mwanjira imeneyi malonda anakwera pamene ndalama zoyendetsera ntchito sizinakwere mofanana, ndipo kampaniyi inayambanso kupeza phindu. Malonda ake apachaka anafika pafupifupi madola 1 biliyoni.

Njira yomweyi inabwerezedwa kambirimbiri. Mu 1991 inagula malonda a ku North America a Lex Electronics, amene kale ankadziwika ndi dzina la Schweber. Mu 1993 inagula Zeus Components, imene inkagulitsa tizipangizo ta zida za asilikali ndi ndege. Mu 1994 inagula Gates/FA Distributing, yogulitsa zipangizo za makompyuta, komanso Anthem Electronics ya ku California. Mu 1999 inawonjezera Richey Electronics ndi nthambi yopikulitsa ya Bell Industries. M'zaka zonsezi Arrow ndi Avnet ankasinthanasinthana pa malo oyamba, ndipo mayina ambiri akale a makampani apakatikati anazimiririka.

Kufalikira kunja kwa United States

Arrow inayamba msanga kuyang'ana misika yakunja. Mu 1985 inagula magawo 40 pa 100 alionse a Spoerle Electronic, kampani yaikulu yopikulitsa tizipangizo ku West Germany, ndipo pambuyo pake inadzaitenga yonse. Inalowanso ku Italy kudzera mu kampani ya Silverstar. Ku Asia inalowa mu 1993 pogula Components Agent ya ku Hong Kong. Mu 1997 inagula nthambi ya Premier Farnell ya ku Britain imene inkagulitsa tizipangizo tambiri nthawi imodzi kwa mafakitale.

Chimene chinkakakamiza zonsezi ndi kusamuka kwa mafakitale. Makampani ambiri anayamba kujambula mapulani a katundu wawo ku America kapena ku Ulaya koma n'kumakapangitsa katunduyo ku Mexico, kum'mawa kwa Ulaya kapena ku China. Wopikulitsa amene anathandiza pa mapulani ankafuna kuti akhalenso iyeyo wopereka tizipangizo kumene fakitale ili, apo ayi khama lake likanapindulira wina.

Mu 2000 kampani ya ku Germany ya E.ON inagulitsa gulu lake la VEBA Electronics kwa ogula atatu. Arrow inatenga Wyle ya ku United States, Avnet inatenga EBV ndi nthambi zina za ku Ulaya, ndipo Schroder Ventures inatenga Memec. Kum'mwera kwa Africa, Arrow inalowa mu mgwirizano ndi gulu la Altron la ku South Africa. Kampani yawo yogawana, imene poyamba inkatchedwa Arrow Altech Distribution ndipo kenako Altron Arrow, ili m'dera la Johannesburg.

Kuyambira 2000 kupita mtsogolo

Mu 2000 malonda a Arrow anafika pafupifupi madola 13 biliyoni. Chaka chotsatira makampani ambiri a intaneti ndi a matelefoni anagwa, mafakitale anasiya kuoda, ndipo pofika 2002 malonda anali atatsika kufika pa madola oposa pang'ono 7 biliyoni. Anthu ambiri anachotsedwa ntchito. Francis Scricco, amene analowa m'malo mwa Kaufman mu 2000, anachoka mu 2002, ndipo William Mitchell anatenga udindowo mu 2003.

Phunziro la nthawi imeneyi linali lakuti kudalira tizipangizo tokha n'koopsa. Choncho kampaniyi inakulitsa nthambi yake yachiwiri, yogulitsa makompyuta akuluakulu a m'makampani, makina osungira deta ndi mapulogalamu. Mu 2007 inagula KeyLink Systems kuchokera ku Agilysys, zimene zinalimbitsa kwambiri nthambiyi.

Michael Long anakhala mkulu wa kampani mu 2009 ndipo anakhala pa udindowu mpaka 2022. Mu 2011 likulu linasamuka kuchoka ku Melville, m'chigawo cha New York, kupita ku Colorado. Mu nthawi yake Arrow inagula makampani ambiri, ena mwa iwo Converge, Verical, Nu Horizons Electronics, Richardson RFPD, immixGroup imene imathandiza kugulitsa ku boma la United States, komanso eInfochips, kampani ya mainjiniya yochokera ku India imene inagulidwa mu 2018. Mu 2016 inagulanso magazini odziwika a mainjiniya a EE Times ndi EDN. Sean Kerins, amene ankatsogolera nthambi ya makompyuta, analowa m'malo mwa Long mu 2022.

Zaka za mliri wa COVID-19 zinabweretsa kusowa kwakukulu kwa ma chip padziko lonse, mpaka mafakitale ena a magalimoto anaima. Mitengo inakwera ndipo makasitomala ankaoda zochuluka kuposa zimene ankafunikira poopa kusowa. Malonda a Arrow anafika madola 34.5 biliyoni mu 2021 ndi 37.1 biliyoni mu 2022. Kusowako kutatha, mafakitale anapezeka ali ndi katundu wambiri m'nyumba zawo ndipo anachepetsa maoda. Malonda anatsika kufika madola 33.1 biliyoni mu 2023 ndi 27.9 biliyoni mu 2024.

Mmene malondawa amayendera

Opanga ma chip amagulitsa mwachindunji kwa makasitomala ochepa akuluakulu kwambiri. Koma pali mafakitale ena zikwizikwi amene amafuna tizipangizo tochepa ta mitundu yambiri. Bolodi imodzi yamagetsi ikhoza kufuna tizipangizo mazana angapo tochokera kwa opanga osiyanasiyana, ndipo kamodzi kokha kakasowa ntchito yonse imaima. Wopikulitsa amatseka mpata umenewu. Amasunga katundu, amamugawa m'magawo oyenera wogula aliyense, amamutumiza pa nthawi imene fakitale ikumufuna, ndipo amapereka katunduyo pangongole ya masiku angapo.

Mbali ina ya ntchitoyi ndi uphungu. Arrow ili ndi mainjiniya amene amayendera makasitomala pamene akujambula mapulani a chinthu chatsopano n'kuwalangiza za tizipangizo toyenera. Chip ikangosankhidwa n'kulowa mu mapulani, kuisintha kumakhala kodula, motero imagulidwa kwa zaka zonse zimene chinthucho chikupangidwa. Opanga ma chip amalembetsa dzina la wopikulitsa amene anachititsa kuti chip yawo isankhidwe, ndipo amamupatsa mtengo wabwino kuposa anzake pa malonda amenewo. Palinso ntchito zina monga kulowetsa mapulogalamu mu ma chip asanatumizidwe ndi kusonkhanitsa tizipangizo tonse ta bolodi imodzi mu phukusi limodzi.

Phindu pa malondawa ndi lochepa poyerekeza ndi kukula kwa ndalama zimene zimadutsa. M'zaka za 2021 mpaka 2024, pa madola 100 alionse a malonda, Arrow inkatsala ndi pafupifupi madola 12 kapena 13 ikachotsa mtengo wogulira katundu, ndipo pa ndalama imeneyo m'pamene pamachoka malipiro, lendi, chiwongoladzanja ndi msonkho. N'chifukwa chake kukula kwa kampani ndi liwiro la kayendedwe ka katundu zili zofunika kwambiri. Chiopsezo china ndi chakuti tizipangizo timatsika mtengo kapena kutha fasho tili m'nyumba yosungiramo. Mapangano ambiri ndi opanga amateteza wopikulitsa pa zimenezi pomubwezera ndalama mtengo ukatsitsidwa kapena pomulola kubweza gawo la katundu wosayenda.

Ogula ambiri amasankha wopikulitsa wachilolezo chifukwa cha vuto la tizipangizo tachinyengo. Pa msika wamba pamapezeka ma chip ochotsedwa m'makina akale n'kulembedwanso ngati atsopano. Katundu wodutsa mwa wopikulitsa wachilolezo amatha kulondolozedwa mpaka ku fakitale imene anapangidwa, zomwe n'zofunika kwambiri pa makina a m'zipatala ndi ndege.

Nthambi za kampani

Arrow ili ndi nthambi ziwiri zikuluzikulu. Global Components ndi imene imagulitsa tizipangizo, ndipo imabweretsa pafupifupi magawo atatu mwa anayi a malonda onse. Ntchito zake zinagawidwa m'madera atatu: America, Ulaya pamodzi ndi Middle East ndi Africa, komanso Asia. Global Enterprise Computing Solutions imagulitsa makina, mapulogalamu ndi zida zotetezera makompyuta kudzera mwa ogulitsa ena amene amakaziika m'mabanki, m'maofesi a boma ndi m'makampani. Nthambiyi ili ndi msika wake wa pa intaneti wotchedwa ArrowSphere. Kampani yonse ili ndi antchito oposa 20,000.

Mpikisano ndi zovuta

Kupatula Avnet, Arrow imapikisana ndi WPG Holdings ndi WT Microelectronics a ku Taiwan, amene akula chifukwa mafakitale ambiri a zamagetsi ali ku Asia. Mu 2024 WT inamaliza kugula Future Electronics ya ku Canada pa mtengo wa madola 3.8 biliyoni. Pa maoda ang'onoang'ono a pa intaneti pali DigiKey, Mouser, RS ndi Farnell, amene amatumikira mainjiniya ofuna tizipangizo tochepa toyesera.

Vuto lina limachokera kwa opanga okha. Makampani opanga ma chip akamaphatikizana, chiwerengero chawo chimachepa ndipo mphamvu yawo pa zokambirana imakula. Mu 2019 Texas Instruments inaganiza zothetsa mapangano ake ndi Avnet, WPG ndi WT kuti izigulitsa kwambiri mwachindunji. Arrow inatsalabe pa mndandanda wake, koma nkhaniyi inasonyeza kuti wopikulitsa akhoza kutaya malonda aakulu ndi chigamulo chimodzi cha wopanga. Kuwonjezera apo, kukangana kwa United States ndi China pa zamalonda kwabweretsa misonkho yatsopano ndi malamulo oletsa kutumiza ma chip ena kunja, ndipo kampani yogulitsa mbali zonse ziwiri imayenera kufufuza kumene katundu wake akukathera.

Galimoto ya SAM ndi mpikisano wa magalimoto

Anthu ambiri amene sali pa malondawa amadziwa dzina la Arrow kudzera mu mpikisano wa magalimoto wa IndyCar, mmene imathandiza timu ya Arrow McLaren. Ubale umenewu unayamba ndi Sam Schmidt, woyendetsa magalimoto a mpikisano amene anafa ziwalo kuyambira m'mapewa kutsika pa ngozi ya mu 2000. Mainjiniya a Arrow anasintha galimoto ya Chevrolet Corvette poikamo makamera ndi masensa kuti izitha kuwongoleredwa ndi kayendedwe ka mutu. Mu 2014 Schmidt anaiyendetsa pa bwalo la Indianapolis Motor Speedway. Ntchitoyi imadziwika ndi dzina lakuti SAM, ndipo galimotoyo yakhala ikukonzedwanso m'zaka zotsatira.